MBUSA JOHN CHILEMBWE: SUKULU NDI THANGATA

Mwana aliyense amene amagulitsa mandasi pa msika wa Kawale, kapena majumbo pa depoti ya mabasi mu Lilongwe, amaidziŵa nkhope ya Mbusa John Chilembwe, pakuti ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000. Ena mwa ana ameneŵa ndi ophunzira athu. Maina awo ali m'kaundula, koma malo awo m'kalasi amakhala opanda munthu masiku aŵiri kapena atatu pa mlungu. Madzulo akamaŵerenga ndalama zimene apeza tsikulo, amagwira chithunzi cha munthu amene adamanga sukulu za ana a anthu osauka, sukulu zimene eni minda ankazitentha.

Ife aphunzitsi timaphunzitsa mbiri ya a Chilembwe chaka ndi chaka, koma kaŵirikaŵiri timathamangira ku usiku wa pa 23 Januwale 1915, n'kuiŵala zaka 15 zimene iwo adakhala akuphunzitsa ana ndi akulu ku Mbombwe. M'nkhani ino tifuna kuyang'anitsitsa zaka zimenezo. Mawu akuti kugwiritsa ana ntchito, monga momwe malamulo a masiku ano amawatchulira, kudalibe m'nthaŵi yawo. Koma mkangano umene udali pakati pa iwo ndi eni minda udali womwewu umene tili nawo lero, wakuti kodi m'maŵa wa mwana ndi wa sukulu kapena ndi wa munda wa munthu wina.

Kubadwa ndi kukula kwawo

A Chilembwe adabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano, m'boma la Chiradzulu. Bambo awo adali Myao ndipo mayi awo adali Mmang'anja. Adakula m'nthaŵi imene malonda a akapolo adali asanathe, pamene ana ankagwidwa m'midzi ndi kugulitsidwa ndi nsalu kapena onga wa mfuti. Ali mnyamata adaphunzirako pang'ono kuŵerenga ndi kulemba pa sukulu ya Mishoni ya Blantyre, ndipo Chingerezi chochepa chimene adatola kumeneko ndicho chidawatsekulira khomo.

M'chaka cha 1892 mudafika m'dziko muno mmishonale wina dzina lake Joseph Booth, pamodzi ndi mwana wake wamkazi Emily. Booth adayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. A Chilembwe adapita kukapempha ntchito, ndipo adalembedwa ngati wantchito wa m'nyumba. Ankaphika, kumasulira mawu ndi kusamala Emily pamene ankadwala malungo bambo wake ali pa ulendo. Adabatizidwa mu Julayi 1893.

Booth adali munthu wosiyana ndi azungu anzake. Ankalipira antchito ake ndalama zambiri kuposa eni minda, chinthu chimene chidamudanitsa ndi anzakewo, ndipo ankaphunzitsa poyera kuti munthu wakuda ndi woyera ndi ofanana pamaso pa Mulungu. Maganizo ameneŵa adawalemba m'buku lake lotchedwa Africa for the African, limene lidatuluka mu 1897. Kwa mnyamata wa ku Chiradzulu, zaka zisanu za m'nyumba ya munthu wotere zidali sukulu yaikulu.

Ku America

Mu 1897 Booth adatenga a Chilembwe kupita nawo ku America. Kumeneko aŵiriŵa adasiyana, ndipo a Chilembwe adalandiridwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, umene udawalipirira maphunziro pa Virginia Theological Seminary and College mu mzinda wa Lynchburg. Ukapolo udali utathetsedwa ku America mu 1865, choncho ambiri mwa akuluakulu amene adakumana nawo adabadwa ali akapolo, ndipo adayamba kutola thonje m'minda ya ambuye awo asanadziŵe ndi chilembo chimodzi chomwe.

M'masiku amenewo maganizo a Booker T. Washington adali ofala kwambiri pakati pa anthu akuda. Washington naye adabadwa kapolo, ndipo ali mwana adagwira ntchito pa ng'anjo zophikira mchere ndi mu mgodi wa malasha ku West Virginia. Atakula adatsogolera sukulu ya Tuskegee kuyambira mu 1881, kumene ophunzira ankaphunzira mabuku pamodzi ndi ntchito za manja monga ulimi, ukalipentala ndi kuumba njerwa. Cholinga chake chidali chakuti munthu wakuda adziimire payekha, asakhale wogwirira ena mpaka imfa. A Chilembwe pobwerera kwawo mu 1900, atadzozedwa ubusa, adabwera ndi maganizo otereŵa.

Mishoni ya ku Mbombwe

Atafika adagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe, m'boma lakwawo la Chiradzulu, ndi kuyambitsa mishoni imene idatchedwa Providence Industrial Mission. Mu 1901 kudabwera Mbusa Landon Cheek, ndipo mu 1902 kudabwera Mayi Emma DeLany, onse aŵiri anthu akuda a ku America, amene adathandiza ntchitoyo kufikira mu 1906. Mayi DeLany pamodzi ndi Mayi Ida Chilembwe, akazi awo a mbusa, ankaphunzitsa atsikana ndi amayi kusoka ndi kusamala pakhomo. Anyamata ankaphunzira kuŵerenga, kulemba, masamu, Chingerezi ndi ulimi. Pofika mu 1912 mishoniyo idali ndi sukulu zingapo m'midzi yozungulira, ndipo ana ophunziramo adali pafupifupi 1,000. Mu 1913 anthu adamaliza kumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, chimene adachimanga ndi manja awo.

Apa pali chinthu chimene ife aphunzitsi tiyenera kuchimvetsa bwino. A Chilembwe sadali mdani wa ntchito. Dzina lenileni la mishoni yawo likusonyeza kuti ankafuna mwana adziŵe khasu, singano ndi chikombole cha njerwa. Ankalimbikitsa ukhondo, kuvala bwino, kupeŵa moŵa ndi kulimbika. Makolo athu nawonso kuyambira kale ankaphunzitsa ana kuŵeta mbuzi, kusinja, kutunga madzi ndi kupalira, pakuti kuongola mtengo mpoyamba. Ntchito yotere imamanga mwana, chifukwa imalingana ndi msinkhu wake, imachitika pamaso pa womulera, ndipo phindu lake limabwerera kwa mwanayo. Koma pali ntchito ina imene imamudya mwana. Imeneyi imamulanda nthaŵi ya sukulu, imapitirira mphamvu zake, imamuika pa ngozi, ndipo phindu lake limapita m'thumba la munthu wina. Ntchito yamtundu wachiŵiriwu a Chilembwe ankaiona tsiku ndi tsiku kungodutsa malire a mishoni yawo.

Thangata ku Magomero

Moyandikana ndi Mbombwe kudali minda yaikulu ya A. L. Bruce Estates, imene likulu lake lidali ku Magomero. Malo ake adali oposa maekala 150,000. Mwini wake wamkulu adali Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu wa David Livingstone, ndipo woyang'anira minda ku Magomero adali William Jervis Livingstone. Khofi atakanika, mindayi idayamba kulima thonje, ndipo pambuyo pake fodya. Mbewu zonse ziŵirizi zimafuna manja ambiri, makamaka m'nyengo ya dzinja, nthaŵi yomweyo imene mlimi aliyense amafuna kukhala m'munda wake wa chimanga.

Manja ameneŵa ankapezeka kudzera mu thangata. Kale mawuŵa ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, monga momwe anthu ankathandizira mfumu kapena mnansi kulima. Atsamunda adawatembenuza kukhala ntchito yokakamiza yolipirira malo amene munthu wakhalapo. Pachiyambi thangata adali mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho, koma ku Magomero miyeziyo inkatalikitsidwa kufika inayi kapena isanu, mwinanso kupitirira. Munthu akalephera kumaliza ndime imene wapatsidwa, kapitawo sankalemba tsikulo pa tikiti. Malipiro nthaŵi zina adali masamba a fodya m'malo mwa ndalama, ndipo chikoti sichinkakhala patali. Amayi amasiye ndi osakwatiwa nawonso ankakakamizidwa kugwira.

Boma nalo lidathandizira zimenezi ndi msonkho wa nyumba. Mu 1912 msonkhowu udakwezedwa kufika pa masheleni 8, koma munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira masheleni 4 okha. Ambiri mwa anthu okhala m'mindayi adali Alomwe amene adathaŵa njala ndi nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Iwoŵa adalibe mfumu yowapatsa malo, ndipo adalibe kwina kothaŵira. Njala ya mu 1912 ndi 1913 idawonjezera chiŵerengero chawo ndi kuchepetsa mphamvu yawo yokana.

Tsono tiyeni tiganizire mwana wa m'banja lotere. Eni minda a ku mapiri a Shire ankalemba ana ntchito zopalira, kutola thonje, kuchotsa mbozi pa fodya ndi kusankha masamba, chifukwa mwana ankalipidwa zochepa kuposa wamkulu ndipo sankatsutsa. Wolemba mbiri Wiseman Chijere Chirwa adafufuza nkhaniyi, ndipo mu 1993 adasindikiza zimene adapeza za ana ndi achinyamata m'minda ya Nyasaland kuyambira 1890 mpaka 1953. Mwana amene sadalembedwe ntchito naye sadapulumuke. Bambo ali ku thangata m'mwezi wa Disembala, munda wa pakhomo unkatsala m'manja mwa mayi ndi ana. Mayi nawonso akaitanidwa, mtsikana wa zaka 9 ndiye ankabereka khanda, kusinja ndi kuphika. Motero ntchito ya mwana idayambira pa zinthu zitatu zimene zidagwera kholo lake: kusoŵa malo, msonkho umene sakadatha kulipira, ndi malipiro osakwanira kudyetsa banja.

Chodabwitsa n'chakuti ku England, kumene thonjelo linkapita, anthu adali atazindikira kale kuipa kwa zimenezi. Lamulo la mu 1833 lidaletsa ana osakwana zaka 9 kugwira ntchito m'mafakitale a nsalu, ndipo lidalamula kuti ana ogwira ntchito aziphunzira maola aŵiri pa tsiku. Lamulo la mu 1842, limene Lord Ashley adalimenyera nkhondo, lidaletsa anyamata osakwana zaka 10 ndi akazi onse kuloŵa m'migodi. Pofika mu 1880 mwana aliyense wa ku England ankayenera kupita kusukulu mwalamulo. Koma chifundo chimenechi sichidaoloke nyanja kufika ku Magomero. Kuno boma la atsamunda lidalibe ndi dipatimenti ya maphunziro yomwe kufikira mu 1926, ndipo sukulu zonse zidali m'manja mwa mishoni.

Sukulu zotenthedwa

Anthu ambiri a m'minda ya Bruce adaloŵa mpingo wa a Chilembwe, ndipo ankafuna kuti ana awo aphunzire. Adayamba kumanga timatchalitchi ta udzu m'midzi yawo, timene pakati pa mlungu tinkakhala sukulu. Bruce sankafuna kuti anthu akuda aphunzire, ndipo adaletsa sukulu ndi matchalitchi a mishoniyi pa malo ake. Livingstone adatumiza anthu kukatentha nyumbazo, ndipo zina zidatenthedwa mu Novembala 1913. Anthu ankadandaula kwa a Chilembwe, iwo n'kukatula madandaulowo ku boma, koma lamulo lidali ku mbali ya mwini malo.

Tidzifunse chifukwa chake munthu wa maekala ochuluka chotere ankaopa kanyumba ka udzu. Choyamba, mwana amene ali m'kalasi m'maŵa sali m'munda wa thonje. Chachiŵiri, mwana wodziŵa masamu amatha kuŵerenga masiku a pa tikiti ya bambo wake ndi kuona pamene abera. Chachitatu, mwana wodziŵa kulemba akakula amatha kukafuna ntchito ya ukalaliki kapena uphunzitsi, n'kuchoka pa mundapo. Eni minda adazidziŵa bwino zimenezi. Iwo adazindikira msanga chinthu chimene maiko ambiri adachizindikira mochedwa, chakuti palibe chida china chochotsera ana pa ntchito choposa sukulu imene ili pafupi, yotsekula, ndiponso yokhala ndi mphunzitsi.

Zaka zimenezi zidali zoŵaŵa kwa a Chilembwe. Adali ndi ngongole, ankadwala mphumu, maso awo adayamba kufooka, ndipo mwana wawo wamkazi adamwalira. Kenaka mu Ogasiti 1914 nkhondo yaikulu idayamba ku Ulaya, ndipo mu Seputembala asilikali akuda adafa pa nkhondo ya ku Karonga. Mu Novembala a Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, yodandaula kuti anthu osauka amene alibe kanthu m'dziko lawo lomwe akutumizidwa kukafera nkhondo ya eni chuma, n'kusiya amayi amasiye ndi ana amasiye amene adzafunsidwabe msonkho. Boma lidaletsa kalatayo, ndipo lidayamba kukonza zowachotsa m'dziko.

Kuukira ndi imfa yawo

Usiku wa Loŵeruka pa 23 Januwale 1915, anthu a a Chilembwe adaukira. Ku Magomero adapha Livingstone ndi kumudula mutu, ndipo azungu ena aŵiri a pa mindayo, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, adaphedwanso. Akazi ndi ana a azungu adatengedwa koma sadapwetekedwe, ndipo pambuyo pake adamasulidwa. Gulu lina lidapita ku Mandala ku Blantyre kukalanda mfuti, koma lidangopeza zoŵerengeka. Ku Ntcheu, kumene Filipo Chinyama adayenera kutsogolera gulu lina, zinthu zidalephereka. M'masiku ochepa asilikali a boma adafika ku Mbombwe, ndipo pa 3 Febuluwale 1915 a Chilembwe adawomberedwa m'boma la Mulanje, akuloŵera ku malire a Mozambique. Otsatira awo ambiri adaphedwa, mazana adaikidwa m'ndende, tchalitchi cha njerwa chidagwetsedwa, ndipo sukulu zonse za mishoniyo zidatsekedwa.

Pophunzitsa gawo limeneli sitiyenera kubisa kanthu. Magazi adakhetsedwa mbali zonse ziŵiri, ndipo ana a ku Mbombwe amene a Chilembwe ankawamenyera nkhondo adakhala zaka 11 opanda sukulu yawo. Ophunzira a m'makalasi akuluakulu angathe kukambirana okha ngati padali njira ina, ndipo mphunzitsi wanzeru sawatsekera pakamwa. Koma tiyeneranso kuwauza kuti bungwe lofufuza limene boma lidakhazikitsa, mu lipoti lake la mu 1916, lidavomereza kuti anthu a m'minda ya Bruce ankachitidwa nkhanza. Ngakhale zidali choncho, thangata sadathe msanga. Lamulo la mu 1928 lidangomuchepetsa mphamvu, ndipo adathetsedwa mu 1962.

Chipatso cha sukulu ya ku Mbombwe chidaoneka mwa mmodzi wa ana ake oyamba. Daniel Malikebu adaphunzira pa mishoniyi ali mnyamata, ndipo adatsatira Mayi DeLany ku America, kumene adaphunzira udokotala pa Meharry Medical College. Mu 1926 adabwerera ndi kutsekulanso Providence Industrial Mission. Mnyamata ameneyu akadathera ubwana wake m'munda wa thonje, dziko lino likadataya dokotala, ndipo palibe akadadziŵa kuti lataya kanthu. Kuipa kwakukulu kwa kugwiritsa ana ntchito n'komweku, kuti zimene dziko lataya sizioneka ndi maso.

Kuchokera ku Magomero kufika ku Lilongwe

Wina angafunse kuti nkhani ya ku Chiradzulu ikutikhudza bwanji ife a ku Lilongwe. M'zaka za m'ma 1920 ulimi wa fodya udafika m'chigawo chapakati, pamene A. F. Barron ndi mnzake R. W. J. Wallace adatsekula minda ku Mbabzi, pafupi ndi Lilongwe. Kuno njira yake idali ya matenanti. Mwini munda amapereka malo, mbewu ndi chakudya pa ngongole, ndipo tenanti amalima fodya n'kumugulitsa kwa mwini mundayo. Popeza pangano limakhala la bambo yekha koma ntchito ndi ya banja lonse, ana amaloŵa m'munda popanda wowalemba ndiponso popanda malipiro. Fodya wamuŵisi akanyowa, chikonga chimaloŵa m'thupi kudzera pa khungu, ndipo mwana amamva mutu, chizungulire ndi nseru. Mu Novembala 2019 dziko la America lidaimitsa fodya wa ku Malaŵi pa madoko ake chifukwa cha nkhani zotere, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito kuti utenanti uthetsedwe.

M'tauni ntchito ya mwana ili ndi nkhope ina. Ku Mgona, pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo, ku Chinsapo, ku Biwi ndi ku Area 23, timaona ana akusenza katundu pa msika, akuphwanya miyala m'mbali mwa msewu, akutunga madzi a maganyu, akutola mabotolo m'zinyalala, ndiponso akuyenda ndi beseni la zitumbuwa mpaka usiku. Ena sitiwaona n'komwe. Ameneŵa ndi atsikana otengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu, amene amadzuka mbandakucha kukonza ana a eni nyumba kuti apite kusukulu, iwo n'kutsala akuchapa. Zifukwa zake sizidasinthe kwenikweni kuchokera m'masiku a a Chilembwe. M'malo mwa msonkho wa nyumba pali lendi ya kumapeto kwa mwezi. M'malo mwa bambo amene ali ku thangata pali bambo amene ntchito idatha, kapena agogo amene akulera ana amasiye. Ndipo wolemba ntchito amakondabe mwana chifukwa ndi wotsika mtengo ndiponso sadziŵa kokadandaula.

Vutoli si la Malaŵi yekha. Mabungwe a ILO ndi UNICEF adapeza kuti mu 2024 ana pafupifupi 138 miliyoni pa dziko lonse ankagwira ntchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo 54 miliyoni mwa iwo adali pa ntchito zoopsa. Ambiri ali m'minda, monga ya koko ku Ghana ndi Côte d'Ivoire, ena m'migodi ya ku Congo, ena pa mauvuni a njerwa ku Pakistan ndi India. Chiŵerengerochi chatsika kuchoka pa 246 miliyoni mu 2000, koma pafupifupi 87 miliyoni ali muno mu Africa kummwera kwa chipululu cha Sahara. Kuno kwathu kafukufuku wa boma wa mu 2015 adapeza kuti ana 38 mwa 100 alionse a zaka 5 mpaka 17 ankagwira ntchito zotere.

Malamulo tili nawo. Mu 1994 sukulu za pulayimale zidakhala zaulere, ndipo ophunzira adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mu 1999 dziko lino lidavomereza mapangano aŵiri a ILO, la nambala 138 ndi la nambala 182. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yowononga thanzi kapena maphunziro ake. Lamulo la maphunziro la mu 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu ya pulayimale. Palibe amene akutentha sukulu lero. Koma sukulu ingathe kuima bwinobwino mwana n'kukhala kunja kwake, ndipo lamulo lolembedwa silidziŵa dzina la mwana amene wajomba. Wodziŵa dzinalo ndi mphunzitsi.

Zimene tingachite m'kalasi

Choyamba ndi kaundula. Tisamangochonga maina ngati mwambo. Pakutha pa mlungu tiyang'ane kuti ndani wajomba ndipo wajomba masiku ati. Mwana wojomba masiku a msika, kapena kumapeto kwa mwezi, kapena amene amasoŵa kuyambira Januwale mpaka Epulo pamene fodya ali m'munda ndi m'zigafa, kaundula akutiuza za moyo wake zimene iye sanganene.

Chachiŵiri ndi maso athu. Mwana wosinza m'phunziro loyamba, wa zikhatho zong'ambika, wodandaula msana, kapena wofika mochedwa tsiku lililonse, kaŵirikaŵiri si waulesi. Tikamubweza pa chipata kapena kumupatsa chibalo cholima, tikumuwonjezera ntchito amene watopa kale ndi ntchito, ndipo maŵa sabweranso. Timuitanire pambali ndi kumufunsa mofatsa kuti amadzuka nthaŵi yanji ndipo amagona nthaŵi yanji.

Chachitatu ndi makolo. Tisapite kwa iwo ngati apolisi, pakuti ambiri satuma ana ku geni chifukwa cha nkhanza koma chifukwa cha njala. Tikambirane nawo kuti ntchito ya pakhomo ichitike sukulu itatha, ndipo pamene vuto lapitirira mphamvu zathu tidziŵitse mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu, gulu la amayi ndi mfumu ya deralo. Mwana akakhala pa ngozi yeniyeni, ofesi ya zantchito ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma zili ndi mphamvu ya lamulo yoloŵererapo.

Chachinayi ndi kudziyang'ana tokha. Mwana wa sukulu si wotungira madzi a aphunzitsi, si wolima dimba lawo, ndipo si wogulitsa mafirizi awo pa nthaŵi yopuma. Amene tili ndi mtsikana wantchito kunyumba tidzifunse zaka zake, ndiponso ngati dzina lake lili m'kaundula wa sukulu ina iliyonse. Sitingaphunzitse za thangata m'maŵa, masana n'kukhala ife akapitawo.

Chachisanu ndi phunziro lenilenilo. Tsiku lokumbukira a Chilembwe ndi 15 Januwale, ndipo tsiku lokumbutsa dziko lonse za kuipa kogwiritsa ana ntchito ndi 12 Juni. M'milungu imeneyi tingayambe phunziro poonetsa ndalama ya K500 ndi kufunsa ana chimene akudziŵa za munthuyo. Tikafotokoza za Mbombwe ndi Magomero, tijambule mizere iŵiri pa bolodi, wina wa ntchito zimene zimaphunzitsa mwana, wina wa ntchito zimene zimamupweteka, ndipo ana atchule okha zitsanzo za m'dera lawo. M'phunziro la masamu angaŵerengere masiku a sukulu amene mwana amataya pa teremu ngati ajomba kaŵiri pa mlungu. Tisatchule dzina la mwana aliyense wa m'kalasimo ngati chitsanzo, kuwopa kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Koma tikhale tcheru, pakuti phunziro likatha pamakhala mwana mmodzi kapena aŵiri amene amatsalira m'kalasi pofuna kulankhula nafe.

A Chilembwe adayamba ndi maekala 93, akazi awo, anzawo aŵiri ochokera kutali ndi timanyumba ta udzu. Ife tili ndi makoleji, malamulo ndi makalasi a njerwa. Ophunzira uphunzitsi amene akupita kukayeserera ntchito m'sukulu za ku Area 25, ku Kawale kapena ku Chinsapo teremu ino adzapatsidwa kaundula wa ana ochuluka, mwina oposa 100. Tikuwapempha kuti mlungu woyamba usanathe adziŵe maina a ana amene amajomba, afunse kumene amakhala, ndipo ayendere khomo la mmodzi mwa iwo.